Pamene oonera adakana mathero a sewero

Usiku wa Lamlungu pa 2 Meyi 2021, anthu okwana 12.8 miliyoni ku Britain adakhala pansi kuonera gawo lomaliza la chaka chimenecho la sewero la apolisi lotchedwa Line of Duty pa kanema wa BBC One. Kutacha, nkhani m'manyuzipepala, m'mawailesi ndi m'makomo idali imodzi: kodi mathero aja adali oyenera? Ena adakwiya, nanena kuti adawataitsa nthawi kwa zaka zambiri. Ena adati mlembi wanena zoona zimene anthu safuna kumva.

Mwina mukudabwa, aphunzitsi anzanga, kuti sewero la Chingerezi la dziko lakutali likufunanji m'phunziro la aphunzitsi a chiyankhulo. Chifukwa chake n'chakuti chaka chilichonse inu ndi ine timalemba pa bolodi kuti "Fotokozani maganizo anu," ndipo ophunzira amatibwezera mayankho onga "nkhaniyi ndi yabwino kwambiri" kapena "sinandisangalatse." Timachonga, timadandaula m'chipinda cha aphunzitsi, kenako chaka chamawa timafunsanso chimodzimodzi. Mkangano wa oonera sewero lija ukuonetsa poyera zinthu zimene zimapanga ganizo la munthu pa nkhani yopeka, ndipo pakati pake penipeni pali mawu amodzi olembedwa molakwika. Ngati simudaonerepo seweroli, musade nkhawa, ndilongosola zofunika. Ngati mukufuna kudzaonera, dziwani kuti ndiulula mathero ake.

Seweroli adalemba ndi Jed Mercurio. Lidayamba kuonetsedwa mu 2012 pa BBC Two, ndipo litatchuka lidasamukira pa BBC One mu 2017. Nkhani yake ndi ya nthambi yopeka ya polisi yotchedwa AC-12, imene ntchito yake ndi kufufuza apolisi anzawo oganiziridwa za katangale. Ampangankhani akuluakulu ndi atatu: Ted Hastings, mkulu wa nthambiyo, amene amaseweredwa ndi Adrian Dunbar, Kate Fleming, amene amaseweredwa ndi Vicky McClure, ndi Steve Arnott, amene amaseweredwa ndi Martin Compston. Chimene chidatchukitsa seweroli kwambiri ndi kufunsa mafunso. Wapolisi woganiziridwa amakhala mbali ina ya tebulo, ofufuza mbali ina, makina ojambulira mawu amalira, ndipo kwa mphindi zambiri palibe mfuti kapena kuthamangitsana kwa magalimoto. Pamangokhala mafunso, zikalata ndi mayankho. Lamulo la m'seweroli limati wapolisi ali ndi ufulu wofunsidwa ndi munthu womuposa udindo. Choncho ngakhale funso lakuti ndani ayankhule limakhala nkhondo payokha. Kwa mphunzitsi wa chiyankhulo, zigawo zimenezi n'zokoma, pakuti mlandu wonse umagona pa mawu: amene anenedwa, amene azembedwa, ndi amene munthu adanena poyamba n'kuwasintha pambuyo pake.

M'kupita kwa zaka, nkhani idayamba kuzungulira pa munthu mmodzi wosadziwika, wapolisi wa udindo waukulu wogwirizana ndi zigawenga, amene ankangotchedwa "H". Wapolisi wina wakatangale, Dot Cottan, ali pafupi kumwalira adajambulidwa akugogoda chala kanayi. M'zizindikiro za Morse, madontho anayi amaimira lemba la H, ndipo ofufuza adamasulira kuti panali anthu akuluakulu anayi a m'polisi ogwira ntchito ndi zigawenga. Atatu adadziwika. Wachinayi ndiye amene dziko lonse la Britain linkamusaka. Ena ankaloza Hastings mwini wakeyo. Ena ankaloza Philip Osborne, mkulu wa apolisi onse m'seweromo, amene m'gawo loyambirira la 2012 adalamula anyamata ake kubisa zoona apolisi atapha munthu wosalakwa. Enanso ankaloza Patricia Carmichael, mayi wouma mtima wa nthambi ina yofufuza katangale.

Tsono gawo lomaliza lija lidaulula kuti munthu wachinayiyo ndi Ian Buckells, amene amaseweredwa ndi Nigel Boyle. Buckells oonera ankamudziwa kuyambira mu 2012 ngati wapolisi waulesi, wosalongosoka, wokonda gofu, amene ankangokwezedwa udindo ngakhale ntchito inkamukanika. Palibe amene ankamuopa. Umboni umodzi umene udamugwiritsa ndi kalembedwe. Munthu wobisikayo potumiza mauthenga kwa zigawenga ankalemba mawu a Chingerezi akuti definitely molakwika, kuti definately. Ofufuza atasanthula mafayilo akale adapeza kulakwitsa komweko m'zikalata zimene Buckells adalemba. Atamufunsa, iye adadzionetsa ngati mkhalapakati chabe, wongopereka mauthenga pakati pa magulu a zigawenga. Gawolo lidatha Osborne akadali pa mpando wake, akukana pamaso pa atolankhani kuti m'polisi mwake muli katangale wozika mizu, ndipo nthambi ya AC-12 italandidwa mphamvu.

Nditasanthula zimene anthu ankanena, ndidaona kuti maganizo awo adali a mitundu itatu. Ndikukupemphani kuti muisiyanitse bwino, pakuti mitundu yomweyi mudzaipeza m'makope a ophunzira anu.

Oyamba ndi okhumudwa. Iwo ankati: mwatidikiritsa zaka zonsezi, mwatilonjeza chimunthu chochenjera, ndiye mukutipatsa chitsiru? Achiwiri ndi oikira kumbuyo mlembi. Iwo ankati: mfundo yake ndi yomweyo. Katangale sasowa munthu wanzeru zakuya. Amakula pamene munthu wosatha ntchito akukwezedwa, anzake akumuseka m'malo momufufuza, ndipo akuluakulu akutseka maso kuti dzina la bungwe lisaipe. Achitatu sankasamala za kukhumudwa kapena za phunziro. Iwo ankayesa umboni. Ankafunsa kuti: mawu amene anthu ambirimbiri olemba Chingerezi amalakwitsa angakhale bwanji chizindikiro cha munthu mmodzi? Ankakumbutsanso kuti m'mbuyomo Hastings nayenso adaonetsedwa akulemba mawu omwewo molakwika, chinthu chimene chidachititsa ambiri kumukayikira.

Taonani kuti magulu atatuwa sankayankha funso limodzi. Oyamba ankanena za mmene adamvera. Achiwiri ankanena za tanthauzo la nkhani. Achitatu ankanena za mmene nkhani idalukidwira. N'chifukwa chake mkanganowo sunkatha: wina akanena kuti "zandiwawa," mnzake ankayankha kuti "koma ndi zoona," wachitatu nati "koma sizikugwirizana." Aliyense akhoza kukhala wolondola pa funso lake. Mtsutso wa m'kalasi ukasanduka phokoso, kawirikawiri gwero lake limakhala lomweli. Ntchito yanu yoyamba ndi kuimitsa ana n'kuwafunsa kuti, "Kodi panopa tikukangana pa funso liti?"

Ine ndili ndi mbali yanga, ndipo ndiinena, pakuti mphunzitsi amene amabisa maganizo ake nthawi zonse amaphunzitsa ana kuti kukhala ndi ganizo n'koopsa. Ndikuona kuti mathero aja adali oona pa tanthauzo, koma okhumudwa aja adali ndi mlandu womveka pa kalukidwe.

Ndiyambe ndi tanthauzo. Mercurio sadapeke nkhaniyi kuchokera m'mutu mokha. M'zigawo za 2021 muli mlandu wa mnyamata wakuda wotchedwa Lawrence Christopher, amene adamwalira m'manja mwa apolisi ndipo mlandu wake udafufuzidwa mwamphwayi. Dzinali lidalumikiza mayina a anthu awiri enieni. Stephen Lawrence adaphedwa ndi anyamata achizungu ku Eltham mu mzinda wa London mu 1993, ndipo lipoti la Macpherson la 1999 lidapeza kuti kufufuza kwa apolisi kudaonongeka chifukwa cha kusatha ntchito, tsankho lozika mizu m'bungwe, ndi kulephera kwa atsogoleri. Christopher Alder adamwalira pa polisi ku Hull mu 1998. Mtolankhani wophedwa m'seweroli, Gail Vella, amakumbutsa Daphne Caruana Galizia wa ku Malta, amene adaphedwa ndi bomba la m'galimoto mu 2017 akufufuza za katangale, ndipo dzina lake la kwawo asadakwatiwe lidali Vella. Pa nkhani ya Lawrence, lipoti silidaloze mfiti imodzi yochenjera. Lidaloza anthu ambiri amene sadagwire ntchito yawo. Buckells ndi chithunzi cha anthu otere. Amene muli ku Malawi mukukumbukira kuti nkhani ya Cashgate mu 2013 itayamba kuululika, ena mwa oyamba kupezeka ndi ndalama zankhaninkhani adali ogwira ntchito m'boma a maudindo ang'onoang'ono, anthu amene ukanakumana nawo mu minibasi sukanawacheukira kawiri.

Koma pa kalukidwe, okhumudwa aja sadalakwe kudandaula. Nkhani iliyonse imapangana ndi omvera ake. Agogo akayamba kuti "Padangokhala" ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," pangano lachitika. Tikudziwa kuti Kalulu achenjera, Fisi apusa chifukwa cha dyera, ndipo pamapeto wina alandira mphotho yake. Agogo atati asinthe, n'kunena kuti amene ankaba mtedza m'munda wa mfumu sadali Kalulu koma Fisi wopusa uja, ndipo mfumu itadziwa idangoti nkhaniyi ithere pompa, adzukulu angadandaule, ndipo angakhale ndi chifukwa. Kwa zaka zambiri seweroli lidazoloweza oonera ake kuti gawo lomaliza limakhala ndi chodzidzimutsa chachikulu. Lidawapatsa zizindikiro za Morse, mayina obisika ndi anthu ambiri okayikitsa, ndipo potero lidawauza kuti yankho lidzakhala lalikulu molingana ndi funsolo. Mlembi ali ndi ufulu wophwanya pangano lotere mwadala kuti aphunzitse kanthu. Woonera nayenso ali ndi ufulu wonena kuti kuphwanyako kudachitika mothamanga ndipo sikudakonzekeredwe mokwanira.

Zimene ndachita m'ndime ziwiri zapitazi ndizo zimene timafuna ophunzira athu azichita, ndipo n'zophunzitsika. Ganizo lokhwima lili ndi magawo anayi. Loyamba, munthu anene chimene chidachitika m'nkhani molondola. Lachiwiri, anene mmene adamvera. Lachitatu, anene chiweruzo chake ndi chifukwa chochokera m'nkhanimo. Lachinayi, avomereze chimene wotsutsana naye walondola. Ophunzira ambiri amathera pa gawo lachiwiri. Ena amalumphira pa lachitatu asadadutse pa loyamba, ndipo amaweruza nkhani imene sadaimvetse kapena imene adangouzidwa ndi anzawo. Paja akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tiyerekeze kuti mwawerenga ndi kalasi yanu nkhani yaifupi imene wakuba mbuzi sadagwidwe. Mwana wina alemba kuti, "Mathero ake ndi oipa." Musathamangire kumupatsa malikisi ochepa. Mufunseni kuti, "Oipa chifukwa akukupweteka mtima, kapena oipa chifukwa mlembi sadawalembe bwino?" Akaganiza, mwina alemba kuti, "Mathero ake adandipweteka chifukwa wakuba sadalangidwe." Apa wafika pa gawo lachiwiri ndipo wapereka chifukwa. Mufunsenso kuti, "Kodi mlembi adaiwala kumulanga, kapena adachita dala? Waona chiyani m'nkhanimu?" Akabwerera m'buku, mwina apeza kuti nyakwawa idalandira mwendo wa mbuzi yobedwayo. Tsopano akhoza kulemba kuti, "Ngakhale mathero ake adandipweteka, ndikuona kuti mlembi adachita dala, chifukwa adationetsa kale kuti woweruza mlanduyo adadya nawo nyama." Chiganizo chimenechi chili ndi zonse: mmene wamvera, chiweruzo, umboni, ndi kuvomereza mbali ina.

Onani mawu amene anyamula chiganizocho: ngakhale, ndikuona kuti, chifukwa. Onjezani komabe, pamene, kupatula apo, m'malo mwake, n'zoona kuti. Timawaphunzitsa m'phunziro la malamulo a chiyankhulo ngati alumikizi, ana n'kuwaloweza kuti akakhoze mayeso, koma sitiwauza kuti amenewa ndi makasu olimira ganizo. Mwana amene sadziwa kugwiritsa ntchito "ngakhale" sangathe kusunga mfundo ziwiri zotsutsana m'chiganizo chimodzi, ndipo pa mtsutso amangoona njira ziwiri, kupambana kapena kugonja. Mukamaphunzitsa alumikizi, apatseni ana nkhani yoti akanganirane, kuti aone okha pamene mawuwa akufunika.

Tsopano tibwerere ku mawu olembedwa molakwika aja, pakuti apa nkhaniyi ikulowa m'ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Gulu lachitatu la oonera lidafunsa funso labwino: kodi kulakwitsa kalembedwe kungaulule mlembi? Yankho lake n'lakuti kulemera kwa chizindikiro kumadalira kusowa kwake. Ngati anthu ambiri amalakwitsa mawu mofanana, kulakwitsako kumangochepetsa pang'ono chiwerengero cha oganiziridwa. Kumakhala ndi mphamvu pokhapokha kukaphatikizidwa ndi maumboni ena, monga yemwe adali ndi mwayi woona zikalata zakutizakuti pa nthawi yakutiyakuti. M'seweromo ofufuza sankasaka m'dziko lonse. Ankasaka pakati pa apolisi ochepa amene adakhudzidwa ndi milandu ina yake, ndipo pamenepo chizindikiro chofookacho chidakhala ndi ntchito. Mfundo imeneyi ndi imene oikira kumbuyo mlembi akadayankha nayo gulu lachitatu lija.

Inu mumachita kufufuza kotere nthawi iliyonse mukamachonga zimangirizo. Makope awiri akakhala ndi kulakwitsa kofanana, mtima umathamangira kunena kuti wina wakopera mnzake. Yambani mwafunsa kuti kulakwitsako n'kofala motani. Ana awiri akasokoneza l ndi r m'mawu amodzimodzi, umenewo si umboni wa kubera, pakuti m'chiyankhulo chathu kusiyana kwa malemba awiriwa sikusintha tanthauzo la mawu, ndipo ana ambiri amawasinthanitsa, ngakhale polemba Chingerezi. Koma ana awiri akalumpha mzere womwewo, kapena akalemba dzina lachilendo molakwika m'njira imodzimodzi yosayembekezereka, pamenepo pali chifukwa chowaitanira pambali. Kuneneza mwana kuti wabera pa umboni wofooka kumamuchotsera chikhulupiriro mwa mphunzitsi, ndipo nthawi zina kumamuchotsa pa sukulu.

Pali chinanso chimene ife ophunzitsa m'maiko osiyanasiyana tiyenera kukumbukira. Chimene wina amachiona ngati kulakwitsa, kwa wina ndi lamulo. Ku Malawi timalemba ch m'mawu onga chinthu ndi Chichewa, kutsatira malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ku Zambia ana amaphunzira kulemba c yekha, monga cinthu ndi Cinyanja. Mwana wochokera ku Chipata akasamukira ku Mchinji n'kulemba "cakudya," sadalakwitse chifukwa cha ulesi. Walemba monga adamuphunzitsira aphunzitsi ake. Mwana wochokera ku Tete kapena ku Niassa, amene adaphunzira kulemba kudzera m'Chipwitikizi, adzabweretsa zizolowezi zakenso. Kalembedwe kamaulula kumene munthu adaphunzira kusiyana ndi mmene kamaululira khalidwe lake. Muuzeni mwanayo lamulo la dziko limene akalembere mayeso, pakuti adzalifuna, koma mumuuzenso kuti kalembedwe kake koyamba kali ndi kwawo.

Phunziro lina la mkangano uja ndi la mawu okweza. Pambuyo pa gawo lija, Mercurio adayankha poyera. Adavomera kuti mathero agawanitsa anthu, koma adati kafukufuku wa maganizo a oonera akuonetsa kuti kukhumudwako sikudali kwakukulu monga phokoso linkaonetsera. Mawu amenewa ndi abwino kuwasanthula ndi ophunzira a makalasi akuluakulu. Mbali ina, iye ndi mwini sewero, choncho ali ndi chifukwa chofunira kuti nkhani ioneke bwino, ndipo mwana aphunzire kufunsa kuti wonenayo apindula chiyani. Mbali inanso, mfundo yake ndi yomveka: munthu wokwiya amayankhula msanga ndiponso mokweza kuposa wokhutira. Amene adaonera, nagwedeza mutu, n'kupita kukagona, palibe adamumva.

M'kalasi mwanu zilinso chimodzimodzi. Mukafunsa kuti "Mukuganiza bwanji?" manja amene amakwera ndi omwe aja a masiku onse. Mnyamata wolimba pakamwa akanena kuti nkhaniyi ndi yotopetsa, anzake amaseka, ndipo mtsikana wa kumbuyo amene nkhaniyo idamukhudza amangoti chete. Mukatuluka mumaganiza kuti kalasi yonse sidaikonde. Njira yosavuta ndi iyi: musadalole aliyense kuyankhula, uzani ana onse alembe chiganizo chimodzi cha maganizo awo pa kapepala, popanda dzina. Sonkhanitsani, sankhani zingapo zosiyana, muziwerenge mokweza. Kenako funsani kalasi kuti chiganizo chilichonse chikuyankha funso liti mwa atatu aja: mmene wamvera, tanthauzo, kapena kalukidwe. Ngakhale kalasi ikhale yodzaza mpaka pakhomo, izi zimatheka m'mphindi zochepa, ndipo ana amadabwa kumva kuti anzawo amaganiza zosiyana ndi zimene zidanenedwa mokweza.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mulibe kanema pa sukulu, ena ngakhale magetsi. Simukusowa Line of Duty kuti muphunzitse zimenezi, ndipo kwa ana aang'ono seweroli si loyenera chifukwa muli chiwawa. Gwiritsani ntchito zimene ana anu amamva ndi kuonera kale. Ku Malawi kudatchuka masewero onga Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC ndi Tikuferanji. Maiko enanso ali ndi masewero awo a pa wailesi, ndipo ana ambiri amaonera mafilimu omasuliridwa m'zinyumba zoonetsera kanema pa msika. Ngati zonsezi palibe, nthano ilipo. Isimbeni mpaka pachimake, imani, muuze ana alembe mmene akuyembekezera kuti ithere. Kenako apatseni mathero amene sadawayembekezere, onga aja a Fisi ndi mfumu yotseka maso. Kukhumudwa kwawo kudzakhala kwenikweni, ndipo pamenepo mudzakhala ndi chinthu chamoyo choti musule nacho chimangirizo cha mtsutso.

Mwina wina mwa inu anena kuti izi n'zongosangalatsa, pamene silabasi ndi yaitali ndipo mayeso ali pafupi. Yankho langa loyamba n'lakuti mafunso a zolembedwa ndi a chimangirizo amafuna luso lomweli, kunena mfundo n'kuichirikiza ndi umboni. Yankho lachiwiri ndi lolemera kuposa apo. Buckells adakhala zaka zambiri osagwidwa chifukwa anthu omuzungulira adali ataweruza kale kuti munthu ngati ameneyu sangachite zazikulu, ndipo sadabwererenso ku umboni. Osborne adakhalabe pa mpando chifukwa adali ndi mawu osalala, ndipo omumvera sadamupanikize kuti atsimikize zonena zake. Ana amene ali patsogolo panu mawa adzakhala m'makomiti a sukulu, m'mabwalo a mafumu, m'maofesi a boma ndi m'mizere ya zisankho. Adzamva akuluakulu akunena kuti zonse zili bwino. Chikhalidwe chathu chimawaphunzitsa ulemu, ndipo ulemu ndi chuma. Chimene ambiri sadaphunzitsidwe ndi mawu onenera mwaulemu kuti, "Pepani bambo, ndamva zimene mwanena, ndipo n'zoona kuti mbali iyi yayenda bwino, komabe chikalata ichi chikuonetsa zina." Mwana amene alibe mawu otere amangokhala ndi njira ziwiri, kukhala chete kapena kutukwana. Malo oyamba amene angayesere chiganizo chotere popanda choopsa ndi m'kalasi ya chiyankhulo, pa nkhani yopeka, pamene wokangana naye ndi mnzake wa pa desiki ndipo woweruzidwa ndi Fisi.

Kuti zitheke, inunso mulole kutsutsidwa. Mukanena maganizo anu pa nkhani, nenani momveka kuti ndi maganizo, perekani chifukwa chake, ndipo mwana akabwera ndi umboni wa m'buku wotsutsana nanu, muyamikireni pamaso pa anzake. Pochonga, malikisi apite ku kulimba kwa chifukwa, ngakhale chiweruzo cha mwanayo chisiyane ndi chanu. Mwana amene walemba kuti mathero ndi ofooka, napereka zifukwa ziwiri zochokera m'nkhani, waposa amene wagwirizana nanu popanda chifukwa.

Musadapite ku mutu wotsatira, chitani ntchito iyi. Sankhani nkhani imodzi imene mukuphunzitsa teremu ino, imene mathero ake inu eni simukhutira nawo kapena mumawakayikira. Lembani ndime imodzi ya maganizo anu yokhala ndi magawo anayi aja, ndipo mugwiritse ntchito "ngakhale" kamodzi ndi "chifukwa" kamodzi. Kenako perekani funso lomwelo kwa ophunzira anu pa timapepala topanda mayina, musanje mayankho awo m'magulu atatu, ndipo muwerenge kuti gulu lililonse lili ndi angati. Bweretsani ndime yanu ndi chiwerengerocho pa mkumano wotsatira wa gulu lanu, kuti mukayerekeze ndi za anzanu a m'maiko ena amene akuphunzira nanu.